Kuphunzitsa kompyuta kukamba nthano si masewera

Pokamba nthano madzulo, ntchito ya omvera imakhala imodzi basi: kuvomera kuti “tili tonse.” Kalulu akaganiza zolowa kuphanga la mkango, palibe womvera amene angamubweze, ngakhale aliyense akuona kuti kumeneko kuli zoopsa.

Koma pali mtundu wina wa nthano, womwe udayambira m'dziko la America zaka pafupifupi 50 zapitazo, momwe womvera ndiye amakhala kalulu. Wokamba nthanoyo imakhala kompyuta, ndipo ikafotokoza pang'ono imaima n'kudikira kuti muiuze chochita.

Mulibe zithunzi, mulibe nyimbo. Kompyuta imangolemba kuti muli m'nyumba, patebulo pali nyali ndipo chitseko chili chakumpoto. Inu mumalemba kuti mwatenga nyali, kapena mwatsekula chitseko, kapenanso mwasuzumira kunsi kwa tebulo. Iyo imayankha zomwe zachitika, nkhani n'kumapitirira.

Pachingerezi masewerawa amawatchula kuti interactive fiction kapena text adventure. Kwa wosewera zimaoneka zophweka. Koma amene amalemba nthano zoterezi amakumana ndi mafunso owawitsa mutu, ena mwa iwo omwe akhala akuzunguza akatswiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Kodi chingwe chimodzi chingakhale bwanji m'zipinda ziwiri? Nanga munthu akati “tenga kiyi” pamene pali makiyi atatu, kompyuta idziwa bwanji yemwe akunena?

Zidayambira kuphanga

Mwini chiyambi ndi Will Crowther, katswiri wa kompyuta yemwe ankagwira ntchito kukampani ya Bolt Beranek and Newman. Kampaniyi idathandiza kumanga ARPANET, yomwe ndi kholo la intaneti.

Akaweruka, Crowther ankakonda kuyendera mapanga, makamaka a Mammoth Cave m'chigawo cha Kentucky. Cha m'ma 1975 ndi 1976 iye adalemba sewero lotchedwa Adventure, ndipo mwa zina ankafuna kuti ana ake aakazi azisangalala nalo. Adalilemba m'chiyankhulo cha kompyuta cha Fortran pamakina aakulu a PDP-10, ndipo njira zambiri za m'sewerolo adazitengera kuphanga lenileni.

M'chaka cha 1977, Don Woods wa kuyunivesite ya Stanford adalipeza seweroli, adapempha chilolezo kwa mwini wake n'kulikulitsa. Lidafala ngati moto wolusa m'mayunivesite a ku America.

Seweroli linkamva mawu awiri okha panthawi imodzi, mneni ndi dzina, ndipo paliwu lililonse linkangowerenga zilembo zisanu zoyambirira. Achinyamata anayi a kusukulu ya ukachenjede ya MIT, omwe ndi Tim Anderson, Marc Blank, Bruce Daniels ndi Dave Lebling, adaona kuti angathe kuchita zoposa pamenepo. Pakati pa 1977 ndi 1979 adalemba Zork, sewero lomwe linkamva chiganizo chathunthu monga cholamula kuti uike buku m'bokosi.

Kompyuta yongoyerekeza

M'chaka cha 1979 ena mwa anyamatawa pamodzi ndi anzawo adatsekula kampani ya Infocom kuti ayambe kugulitsa luso lawo. Apa padabuka vuto. Makompyuta a m'nyumba a nthawi imeneyo, monga TRS-80 ndi Apple II, adali ochepa mphamvu, komanso sankamvana. Pologalamu yolembedwera makina amodzi sinkagwira pamakina ena.

Marc Blank ndi Joel Berez adapeza nzeru. Adakonza kompyuta yongoyerekeza, yosagwirika ndi manja, yomwe adaitcha Z-machine. Sewero lililonse ankalilembera kompyuta yongoyerekezayi. Kenaka pamtundu uliwonse wa makina enieni ankalembapo kapologalamu kamodzi kokhala ngati womasulira. Motero sewero limodzi linkatha kuyenda pamakina osiyanasiyana popanda kulilembanso.

Malo adali ochepa kwambiri. Pamtundu wachitatu wa Z-machine, womwe udanyamula masewero ambiri a Infocom, sewero lonse silinkayenera kupitirira 128KB ndipo zinthu zonse za m'sewerolo, kuphatikizapo zipinda, sizinkaposa 255. Kunena kwina, dziko lonse la Zork I ndi lochepa kusiyana ndi chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya lero.

Kampani ya Activision idagula Infocom m'chaka cha 1986 ndipo idatseka ofesi zake mu 1989. Anthu adali atayamba kukonda masewero a zithunzi. Ambiri adaganiza kuti nthano za mawu okhaokha zapita basi.

Mphunzitsi wa masamu

Sizidathe. M'chaka cha 1988, Michael Roberts adatulutsa TADS, chiyankhulo chothandiza munthu wamba kulemba sewero lakelake. Ndipo mu 1993 Graham Nelson, katswiri wa masamu komanso mlakatuli wa ku Oxford m'dziko la Britain, adatulutsa china chotchedwa Inform pamodzi ndi sewero lake la Curses.

Chidwi cha Inform chidali choti inkatulutsa masewero oyenda pa Z-machine yomwe ija ya Infocom. Anthu okonda masewerawa adali atafufuza kale momwe makinawo amagwirira ntchito ndipo adali atalemba omasulira aulere. Choncho aliyense akadatha kulemba sewero looneka ngati la kampani yotchuka ija, ali kunyumba kwake, osalipira kanthu.

Inform 6, yomwe idatuluka mu 1996, imalembedwa ngati ziyankhulo zina za kompyuta, yodzaza ndi zizindikiro zomwe munthu wosaphunzira ntchitoyi amangoziona ngati mapazi a nkhuku. Koma mu April 2006 Nelson adadabwitsa anthu ndi Inform 7, momwe pologalamu imalembedwa m'ziganizo zooneka ngati Chingerezi cha tsiku ndi tsiku.

Mwachitsanzo, mlembi akhoza kulemba kuti: “The Kitchen is a room. The clay pot is a container in the Kitchen. The Garden is north of the Kitchen.” Ndi ziganizo zitatuzi wamanga khitchini, waikamo mphika woti n'kuikamo zinthu, ndipo watsekula njira yopita kudimba chakumpoto. Inform imadzazanso yokha njira yobwerera, kuti wochokera kudimba akalowera kummwera afike kukhitchini.

Chikomekome cha mkuyu

Apa ndi pomwe ambiri ongoyamba kumene amapunthwa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Poona kuti pologalamu ikuwerengeka ngati Chingerezi, munthu amaganiza kuti akhoza kulemba chiganizo chilichonse chomwe chamubwerera. Zoona zake n'zakuti Inform 7 imamva ziganizo za mapangidwe owerengeka okha, ndipo chiganizo chomveka bwino kwa mphunzitsi wa Chingerezi chikhoza kukanidwa.

Choopsa kwambiri si kukanidwa, koma kumvedwa molakwika. Inform ikakumana ndi dzina lomwe sidalionepo, kawirikawiri imaganiza kuti mlembi akufuna chinthu chatsopano. Ndiye mlembi akaphonya chilembo chimodzi padzina la mphika uja, kompyuta sidandaula. Imangoumba mphika wachiwiri. Mlembi amathera usiku wonse akudabwa chifukwa chake nyama yomwe adaika mumphika sikuoneka, pamene ili mumphika wina womwe iye sakuudziwa n'komwe.

Maina nawo amavuta. Chipinda chikakhala ndi dzina lokhala ndi mawu oti north of m'kati mwake, Inform ikhoza kuliwerenga ngati malangizo a njira osati dzina. Mankhwala ake ndi liwu loti called, lomwe limauza kompyuta kuti zotsatirazo ndi dzina chabe.

Pofuna kuthandiza alembi kupeza zolakwika zotere, Inform imasonyeza mndandanda wa zinthu zonse zomwe yaumba ndi mapu a zipinda zonse. Ilinso ndi malamulo apadera oyesera, omwe wosewera wamba sawaona. Lamulo la SHOWME limaulula zonse zokhudza chinthu, la RULES limasonyeza malamulo omwe akutsatidwa panthawiyo, pamene la PURLOIN limabweretsa m'manja chinthu chilichonse kuchokera komwe chili.

Kiyi wake uti?

Mtima wa sewero lililonse ndi mbali ya pologalamu yotchedwa parser, yomwe ntchito yake ndi kumasulira zomwe wosewera walemba. Imagawa chiganizo, kupeza mneni, kupeza dzina, kenaka n'kufufuza ngati chinthu chotchulidwacho chili pafupi.

Vuto loyamba ndi la mawu ofanana tanthauzo. Mlembi adakonza zoti chitseko chitsekuke wosewera akati “kankha.” Wosewera akulemba kuti “tsekula,” “gwedeza,” “menya,” koma kompyuta ikungoti sikumva. Nzeru yothetsera vutolo wosewerayo ali nayo kale, chomwe chikusowa ndi liwu lomwe lidali m'mutu mwa mlembi. Okonda masewerawa amadana nalo kwambiri khalidweli ndipo amalitchula kuti guess the verb, kutanthauza kulotera mneni. Mu Inform 7 mlembi amalipewa pogwiritsa ntchito ziganizo zoyamba ndi liwu loti Understand, zomwe zimaphunzitsa kompyuta kuti mawu angapo akuloza chinthu chimodzi.

Vuto lachiwiri ndi la zinthu zofanana maina. Wosewera ali ndi kiyi wachitsulo m'thumba, ndipo pansi pali kiyi wamkuwa. Akati “tenga kiyi,” munthu wanzeru adziwa kuti akunena wapansiyo, pakuti winayo ali naye kale. Akati “taya kiyi,” akunena wam'thumba. Inform imayesa kulingalira chonchi payokha, ndipo ikalephera imafunsa kuti mukunena uti. Koma mlembi akapereka maina mosasamala, mwachitsanzo wina “kiyi” chabe ndipo wina “kiyi wamkulu,” wosewera akhoza kuvutika kutchula woyambayo chifukwa liwu lake lokhalo likulozanso mnzakeyo. Pachifukwa ichi pali malamulo otchedwa Does the player mean, omwe amauza kompyuta chinthu choyenera kukondera pakakhala chikaiko.

Lamulo liti liyambe?

Mu Inform 7 chochita chilichonse chimadutsa m'zipata zisanu ndi chimodzi motsatana: Before, Instead, Check, Carry out, After ndi Report. Mafunso ambiri a alembi amachokera posadziwa chipata choyenera kuikapo lamulo lawo.

Zipata za Before ndi Instead zimapatsa mlembi mpata wolowerera zinthu zisadachitike. Check imaona ngati chinthucho n'chotheka, mwachitsanzo kukana kutenga chomwe uli nacho kale. Carry out ndi pomwe dziko la m'sewero limasintha, mphika n'kuchoka pamoto kufika m'manja. After imalola mlembi kupereka zotsatira zapadera, pamene Report imangouza wosewera zomwe zachitika.

Tiyerekeze mphika uli pamoto. Mlembi alemba lamulo la Instead lonena kuti wofuna kuutenga auzidwe kuti ukutentha. Zayenda bwino. Patapita masiku waganiza zoti wosewera akapeza chiguduli athe kuuphula. Waika chigudulicho m'sewero, koma mphika ukukanabe. Chifukwa chake n'choti lamulo la Instead limaimitsiratu zonse, ndipo zipata zotsatira sizifikidwa. Ayenera kubwerera kukaonjezera mawu oti lamulolo ligwire pokhapokha wosewera alibe chiguduli.

Lamulo la After nalo lili ndi khalidwe lake. Likagwira ntchito, Report siyankhulanso pokhapokha mlembi atalamula kuti zipitirire. Ongoyamba kumene amadabwa kuona uthenga wa masiku onse wasowa.

Nanga malamulo awiri akakhala pachipata chimodzi? Inform siyamba ndi lomwe lidalembedwa koyamba ayi. Imayamba ndi lomwe likulunjika kwambiri. Lamulo lokhudza mphika wadothi uja limatsogola, lokhudza ziwiya zonse limatsatira, ndipo lokhudza chinthu chilichonse limabwera pambuyo. Izi zimafanana ndi momwe mfumu imaweruzira: mwambo wa mudzi wonse ulipo, koma pangano lomwe mabanja awiri adagwirizana pamunda wakutiwakuti limayamba kuonedwa.

Chingwe, madzi ndi moto

M'kati mwa kompyuta, dziko la sewero limasanjidwa ngati mtengo wa mibadwo. Chinthu chilichonse chimakhala ndi kholo limodzi: ndalama ili m'chikwama, chikwama chili m'dengu, dengu lili m'chipinda. Dongosololi ndi lomwe limachititsa kuti ukanyamula dengu, zonse zam'katimo zinyamukire limodzi popanda mlembi kulemba chilichonse.

Koma dziko lenileni silimvera dongosolo limeneli. Chitseko chimaoneka m'zipinda ziwiri. Mtsinje, thambo ndi phiri zimaoneka m'malo ambiri. Pazimenezi Inform ili ndi mitundu yapadera ya zinthu, door ndi backdrop, yomwe imaloledwa kuphwanya lamulo la kholo limodzi.

Chingwe ndiye mutu waukulu. Wosewera wamanga nsonga imodzi kumtengo, ina waigwira n'kulowa nayo m'chitsime. Tsopano chingwecho chili kuti? Akapitirira zipinda zitatu, kodi chikwanira? Akamangirira mbuzi n'kukoka, mbuziyo itsatire? Akachidula pakati, zingwe zakhala ziwiri, ndipo chilichonse chikhoza kudulidwanso. Alembi ambiri amathetsa nkhaniyi poumba nsonga ziwiri ngati zinthu zosiyana, kapena pongokana mwaulemu kuti wosewera achoke pamalopo chingwe chili chomanga.

Madzi nawo ndi chimodzimodzi. Mwala ukhoza kuutenga kapena kuusiya, koma madzi amagawika, amatayika, amasakanikirana ndi mafuta, amanyowetsa pepala ndi kuzimitsa nyali. Moto ndiye woopsa zedi. Mukapatsa wosewera machesi, dziwani kuti ayesa kutentha chilichonse, kuphatikizapo kalata yomwe imayenera kumuuza komwe kuli chuma. Si zodabwitsa kuti buku la zitsanzo lomwe limabwera ndi Inform 7, lotchedwa The Inform Recipe Book, lili ndi magawo apadera okamba za zamadzimadzi, zingwe ndi moto. Zitsanzo zambiri m'bukuli adalemba ndi Emily Short, mmodzi mwa alembi odziwika kwambiri pantchitoyi.

Kuona si kugwira

Funso lina ndi loti wosewera angatchule chiyani panthawi iliyonse. Ndalama yomwe ili m'bokosi lathabwa lotseka sayenera kuitchula, chifukwa sakuiona. Ikakhala m'botolo lagalasi lotseka, akhoza kuiona ndi kuwerenga zolembedwapo, koma sangaigwire. Inform imasiyanitsa zooneka ndi zogwirika, ndipo mlembi wokonza mneni watsopano ayenera kunena ngati mneniyo akufuna maso okha kapena manja.

Mdima umaonjezera chipwirikiti. Nyali yoyaka ikaikidwa m'bokosi lotseka, chipinda chimada. Ikaikidwa m'botolo lagalasi, chimawalabe. Mu Adventure woyenda mumdima ankagwera m'dzenje, ndipo mu Zork ankadyedwa ndi chilombo chotchedwa grue.

Chovuta koposa zonse ndi munthu. Mwala sufunsidwa mafunso, koma wosewera akakumana ndi nkhalamba pachipata amafuna kuifunsa za chilichonse. Masewero akale ankalola kufunsa munthu za mutu umodziumodzi, ndipo mutu womwe mlembi sadaukonzekere unkangolandira yankho lozemba. M'chaka cha 2000 Emily Short adatulutsa Galatea, sewero lomwe lonse ndi kucheza ndi chiboliboli chamoyo. Chibolibolicho chimakumbukira zomwe zakambidwa kale, mtima wake umasintha malinga ndi momwe ukuchiyankhulira, ndipo nkhaniyo ili ndi mathero ambirimbiri. Mpaka lero seweroli limatchulidwa ngati chitsanzo cha zomwe zingatheke.

Ufulu wa wosewera

Pologalamu ikhoza kukhala yopanda cholakwika chilichonse koma n'kukhala yankhanza. Chitsanzo chodziwika ndi The Hitchhiker's Guide to the Galaxy, sewero lomwe Infocom idatulutsa mu 1984, lolembedwa ndi Douglas Adams ndi Steve Meretzky. Koyambirira kwa sewerolo pakhomo pamakhala mulu wa makalata achabechabe. Wosautola amapitirira bwinobwino, dziko lapansi n'kuphwasulidwa, ndipo patsogolo amadzazindikira kuti popanda makalatawo sangapeze kansomba kofunika kwambiri. Pobwerera palibe. Ayenera kuyambiranso.

M'zaka za m'ma 1990 Graham Nelson adalemba mndandanda wa maufulu a wosewera. Mwa zina adati wosewera asamaphedwe popanda chenjezo, komanso azitha kupambana popanda kudalira zomwe adaphunzira atafa m'masewero am'mbuyo. Naye Andrew Plotkin adakonza muyeso wa magawo asanu, kuyambira sewero lachifundo mpaka lankhanza, malinga ndi momwe limatsekerezera wosewera mosamudziwitsa.

Kupewa zimenezi kumafuna kuyesa mobwerezabwereza. Inform 7 imasunga njira zonse zomwe mlembi wayesapo kuti akasintha kanthu aziyendetsenso n'kuona chomwe chasokonekera. Komabe mutu umodzi susenza denga. Mlembi amadziwa kale mayankho, choncho saganiza zodya nyali kapena kupsompsona chitseko. Pamafunika anthu ena oyesa, omwe amatumiza zonse zomwe adalemba ndi zomwe kompyuta idayankha.

Ntchito yomalizidwa ambiri amaipititsa kumpikisano wa pachaka wa Interactive Fiction Competition, womwe udayamba mu 1995. Kumeneko oweruza amapereka malikisi potengera maola awiri oyambirira akusewera, ndiye sewero lokhala ndi zilema pachiyambi silipita patali.

Nanga m'Chichewa?

Inform idamangidwa poganizira Chingerezi, koma anthu adamasulira mbali yake yomva ndi kuyankha m'ziyankhulo monga Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi ndi Chitaliyana. Wofuna kuchita chimodzimodzi m'Chichewa angakumane ndi mafunso okoma ndithu.

Loyamba ndi kutalika kwa mawu. Z-machine ya mtundu wachitatu inkasunga zilembo 6 zokha zoyambirira za liwu lililonse. Pamakina amenewo “chipata” ndi “chipatala” ndi liwu limodzi, ndipo wodwala akhoza kuperekezedwa kugeti. Mitundu yotsatira imasunga zilembo 9, koma ngakhale pamenepo “mphunzitsi” ndi “mphunzitse” sizisiyana. Mwayi ulipo pa Glulx, makina ongoyerekeza atsopano omwe Andrew Plotkin adakonza mu 1999 pofuna kuthetsa kuchepa kwa malo, chifukwa pamenepo mlembi akhoza kuonjezera chiwerengero cha zilembozi.

Lachiwiri ndi magulu a maina. Mngerezi amati “take it” pachinthu chilichonse. Ife timati “itenge” ikakhala nyali, “litenge” likakhala khasu, “utenge” ukakhala mpeni, “chitenge” chikakhala chikho. Mlowam'malo amamatirira kumneni. Poyankha napo kompyuta iyenera kudziwa kuti nyali “ili,” khasu “lili,” mpeni “uli,” chikho “chili.” Inform 6 imagawa maina potengera chachimuna, chachikazi kapena chapakati, chamoyo kapena chopanda moyo, chimodzi kapena zambiri. Chichewa chili ndi magulu a maina oposa 10, ndiye mlembi ayenera kumanga dongosolo lakelake.

Lachitatu ndi timawu ta malo. Pachingerezi in ndi on amaima paokha, pamene ife timati “m'bokosi,” “pabokosi,” “kubokosi.” Kompyuta iyenera kuphunzitsidwa kudula kachidutswa kakutsogoloko, koma mosamala, kuopa kuti ingadulenso “pakamwa” kapena “kudya.” Njira yake ilipo kale. Inform 6 ili ndi malo apadera pomwe womasulira amakonzanso chiganizo cha wosewera chisadafike kwa parser, ndipo a Chisipanishi adagwiritsa ntchito nzeru yotere chifukwa nawonso amamatiriza mlowam'malo kumneni wolamula.

Pali ndi tina ting'onoting'ono. Osewera a Chingerezi amafupikitsa mbali zinayi za dziko ndi zilembo n, s, e ndi w, pamene kwathu kumpoto, kummwera, kuvuma ndi kuzambwe zonse zimayamba ndi chilembo chimodzi. Liwu loti “mtengo” likhoza kukhala wokwera kapena wofunsa pamsika. Ndipo pali nkhani ya ulemu: kodi kompyuta izinena kuti “watenga” kapena “mwatenga”? Wosewera akalamula gogo wa m'nthano kuti “ndipatse,” kodi gogoyo apereke kapena akwiye? M'Chichewa, kusiyana kwa “ndipatse” ndi “ndipatseni” kukhoza kukhala chinsinsi chotsekulira nkhani yonse, chinthu chomwe mlembi wa Chingerezi alibe.

Wosafuna kulimbana ndi zonsezi ali ndi njira yachidule. Mu 2009 Chris Klimas adatulutsa Twine, momwe wosewera salemba kanthu koma amangodina mawu osankha. Popeza kompyuta siyenera kumva chiganizo, nkhani ikhoza kulembedwa m'chiyankhulo chilichonse, ndipo imatsekuka ngati tsamba la intaneti, ngakhale pafoni. Charlie Brooker adagwiritsa ntchito Twine pokonza nkhani ya Bandersnatch, kanema wosankha wekha njira yemwe Netflix idaonetsa mu 2018.

Phindu lake n'chiyani?

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji ndi masewero opanda zithunzi masiku ano. Yankho loyamba lili kwa anthu omwe ali ndi vuto losaona. Masewero ambiri amakono sangawasewere, koma awa ndi mawu okhaokha, ndipo pologalamu yowerenga mokweza zolembedwa pakompyuta imawatsekulira khomo mofanana ndi wina aliyense.

Lachiwiri ndi mtengo. Inform, TADS ndi Twine n'zaulere, ndipo Inform ndi TADS zikangolowa m'kompyuta sizifunanso intaneti polemba. Sipafunika wojambula, woimba kapena gulu la antchito. Munthu mmodzi wodziwa kukamba nkhani komanso wodekha akhoza kumaliza ntchito yonse. Mu April 2022 Nelson adatsekula poyera zam'kati zonse za Inform 7 kuti aliyense athe kuziwerenga ndi kuzikonza.

Lachitatu ndi kukhalitsa. Chifukwa cha nzeru ija ya kompyuta yongoyerekeza, sewero la mu 1980 limasewereka lero pafoni kudzera m'mapologalamu omasulira monga Frotz, pamene mapologalamu ena ambiri a zaka zimenezo adafera limodzi ndi makina awo. Nkhokwe ya IF Archive, yomwe Volker Blasius adayambitsa ku Germany mu 1992, ikusungabe masewerawa, ndipo tsopano ili m'manja mwa bungwe la Interactive Fiction Technology Foundation lomwe lidakhazikitsidwa mu 2016. Mu November 2025 kampani ya Microsoft, yomwe idagula Activision mu 2023, idalola mwalamulo kuti zam'kati za Zork I, II ndi III zikhale zotsekuka kwa aliyense.

Ngakhale akatswiri a nzeru zopangidwa za kompyuta, zija za AI, apezamo ntchito. Mu 2018 ofufuza a Microsoft adatulutsa TextWorld, yomwe imagwiritsa ntchito Inform 7 kupanga masewero oyesera ngati makina angathe kuwerenga, kukumbukira ndi kukonza mapulani. Makina amakono olankhula amatha kupeka nkhani yokoma pompopompo, koma amatha kuiwala kuti kiyi adasiyidwa chipinda chiti. Pologalamu ya Inform mawu ake ndi owerengeka, koma kiyi siimutaya.

Kwa wofuna kuyesa, langizo lomwe alembi ozama amapereka kawirikawiri ndi loti ayambe pang'ono: chipinda chimodzi, chitseko chimodzi, kiyi mmodzi. Akamaliza apatse mnzake asewere, iye akhale chete pambali n'kumalemba liwu lililonse lomwe kompyuta yalephera kumva. Mndandanda umenewo ndiwo ntchito ya mawa lake. Chingwe, madzi ndi machesi adzaziike m'sewero lachiwiri.